Alendo a Lachinayi si a bungwe

Area 25,
Lilongwe.

Okondedwa Amama,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji ndi mvulayi? Nanga Adada akumwa mankhwala awo, kapena akuwabisabe m'thumba la jekete? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndaonda pang'ono, koma musayambe kuda nkhawa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu, mpaka mayunitsi amatha ndisananene chimene ndaimbira.

Mukudziwa kuti kampani imene tinayambitsa ndi mnzanga Chawezi ili ndi matenti ochepa oumitsira usipa ku Chikaleko. Masitolo a kuno akuukonda usipa wathu chifukwa ulibe mchenga, koma sitikukwanitsa kuwapatsa wokwanira. Kuti timange matenti ena, chaka chonsechi ndakhala ndikugogoda kwa anthu oika ndalama m'makampani ongoyamba kumene. Anthu amenewa sapereka thandizo, komanso sakongoza. Amagula gawo la kampani, ikakula amadya nawo, ikagwa amalira nafe. Ambiri amandimwetulira, kundipatsa tiyi, kenako foni osayankhanso. Nsapato zanga za paukwati wa achimwene zathera m'maofesi mwawo.

Alendo amene ndinakutumizirani mwezi watha anali atatsala pang'ono kusaina. Anangofuna kudzimvera okha kwa amayi ogwiritsa ntchito matenti, ine palibe. Atabwerako anandiuza mwaulemu kuti aganiza kaye. Ndinasowa mtendere mpaka dalaivala wawo anandichitira chifundo n'kundifotokozera. Akuti munawalandira ndi nyimbo, koma atangofunsa za phindu, mayi aliyense anayamba kudandaula. Akuti ankhazi a Jessie, azakhali anga aja, anavula nsapato n'kuzibisa m'dengu, n'kumati ana akugona ndi njala. Ndiye inu Amama, apampando enieni a gulu la amayiwo, munati bizinesi ya nsomba ndi kutaya nthawi chabe. Inu amene mwafolera nyumba ndi malata chaka chomwechino!

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinalira m'minibasi, anthu akundiyang'ana.

Sindikukudzudzulani ayi. Kwathuko mlendo akatsika m'galimoto yoyera n'kuyamba mafunso, timadziwa kuti ndi wa bungwe, ndipo wolira kwambiri ndiye amathandizidwa. Ndikudziwanso kuti munthu sanena pagulu kuti wapindula. Ukangotero kumsika m'mawa, pofika masana abale adzaza pakhonde, ena ayamba kale kunong'ona kuti wakhwima. Koma alendo awa makutu awo ndi ena. Akamva kulira amatseka chikwama, chifukwa amaganiza kuti matenti athu alibe ntchito.

Tsopano atsala amodzi okha, Mayi Bridget a ku Nairobi. Ndi ovuta, amafunsa ngati apolisi, ndipo gawo limene akufuna landisowetsa njala ya chakudya. Chawezi akuti tikanebe mpaka atsitse. Komabe mwa onse aja, ndi okhawa amene anatapa usipa wathu n'kudya pomwepo, osayamba anunkhiza. Afika pa boma Lachinayi likudzali, ndipo akuti adzayenda pansi mpaka ku Chikale.

Akakana awa, tatseka. Matenti akang'ambika sipadzakhala wowasoka, ndipo mvula ya chaka chamawa idzakupezani mukuyanikanso pathandala, usipa ukuwola mukuona.

Pempho langa ndi limodzi. Musakonze nyimbo, musaphe nkhuku, komanso musakokomeze kanthu, chifukwa mayi amenewa bodza amaligwira msanga. Mungowauza zoona, zabwino ndi zoipa zomwe. Muyambe ndinu kulankhula, pakuti amayi enawo amayang'ana pakamwa panu. Ngati pagulu pakukuvutani, alowetseni m'nyumba pamodzi ndi womasulira wawo, mutseke chitseko. Zimene munene sizidzatuluka panja.

Ndikudziwa kuti ndapempha chinthu cholemera. Chibadwireni sindinakumvenipo mukunena kuti zinthu zikuyenda. Ngakhale tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndikupita ku yunivesite, munangoti tione, n'kupitiriza kusenda chinangwa. Ndiye kunena zoona, si Mayi Bridget okha amene akudikira yankho lanu. Ine ndinamanga matenti aja chifukwa cha inu, koma mpaka lero simunandiuzepo ngati anakuthandizani. Mukawauza iwo, mwina nanenso ndidzamvera komweko.

Mundiperekere moni kwa Adada, kwa achimwene a George ndi alamu, kwa ankhazi a Jessie, ndi kwa amayi onse a kumatenti. Yewo chomene, Amama. Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Lusungu