Maola a Walleye

Lolemba, 3 Malichi

Kalata yachitatu yochokera kwa wosewera wodzitcha Walleye. Ziwiri zoyamba zija, za mwezi watha, zinali za mizere iwiriiwiri: chonde fufutani dzina langa ndi zonse zokhudza ine pa tsamba lanu. Sindinayankhe. Ya lero yabwera itamanga tayi. Wasaina dzina lake lenileni, Réjean Gauvreau wa ku Trois-Rivières, watchula lamulo la kwawo ku Quebec ndi manambala a ndime zake, akuti ndili ndi masiku makumi atatu. Chingerezi chimenechi si chake. Alipo wamulembera.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikusunga tsambali pa kompyuta yakale ya m'chipinda chapansi, pambali pa makina ochapira. Aliyense wosewera Brinehold pa intaneti, anthu zikwi zisanu ndi chimodzi, akafuna kudziwa wamiza zombo zingati, wagonja kangati, wasewera maola angati, amabwera kwa ine. Sindilipiritsa munthu. Kampani yokonza masewerawo imatulutsa manambala poyera, ine ndimangotola n'kusanja bwino. Ndiye lero ndasanduka kazitape?

Chikumupwetekacho ndikuchidziwa. Chaka chatha pa masewero makumi awiri ndinamuthibula khumi ndi anayi. Bambo wamkuluwamkulu kuthamangira ku lamulo chifukwa chogonja kwa mayi wosakaniza penti m'sitolo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndinalakwitsa kuwatumizira kalatayo a Wendell. Andiimbira kawiri ndili kuntchito, kachiwiriko ndili pakati podula makiyi a kasitomala. Chipumireni pa uphunzitsi alibe chochita ku Duluth kuja, ndiye atsitsa lamulo lonse, alisindikiza, alichonga ndi cholembera chachikasu. Akuti tsamba lina la masewero a magalimoto latsekedwa chaka chatha chifukwa mwini wake anatopa ndi makalata ngati amenewa. Akuti titseke lathu kaye. Ntchito yawo pa tsambali ndi kuchotsa zotukwana pa bwalo la zokambirana basi, koma lero ndi loya.

Ndawafunsa ngati lamulo la ku Quebec lingawoloke kudzandigwira kuno ku Thunder Bay, ine wosagulitsa kanthu. Ati sakudziwa. Ndawafunsa ngati dzina lopeka ngati Walleye ndi chinsinsi cha munthu. Ati sakudziwanso, koma mwina. Masamba makumi asanu ndi limodzi achikasu, yankho n'kukhala mwina.

Lachitatu, 5 Malichi

Chipale chofewa mpaka m'mawondo. Fosholo yathyoka mpini.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndayesa pa kope kuti ndione zingakhale bwanji nditamufufuta. Zonyansa. Munthu sasewera yekha. Masewero ake zikwi ziwiri aliwonse ali ndi mnzake wina, ndiye anthu mazana akhala ndi mabowo m'mbiri zawo. Fainolo ya 2019, imene tinamenyana maola atatu anthu mazana anayi akuonera, ikusanduka Doreen_K kulimbana ndi mzere wopanda kanthu. Ndiye kuti ndinapambana mphepo.

Amene amalemba malamulowa amaganiza kuti aliyense ali ndi nyumba ya nsanjika makumi atatu ndi maloya odzaza chikepe. Akuluakulu enieni osonkhanitsa zinsinsi za anthu amangoika kabokosi koti udinepo kuti wavomera, n'kupitiriza ntchito yawo. Chikwapu chimagwera ife a m'zipinda zapansi.

Ndamuyankha. Ndati kalata yanu ndalandira, lamulo lanu likuti masiku makumi atatu, ndiye tionana pa tsiku la makumi atatu. Kenako ndalemba pa bwalo, osatchula dzina, kuti pali katswiri wina wa m'gulu la khumi apamwamba amene akufuna tiiwale kuti anakhalako. Pasanathe ola anthu anali atamulota kale. Wina waika chithunzi cha nsomba itavala zophimba kumaso, poti walleye ndi mtundu wa nsomba. Ndaseka mpaka khofi kundilowa m'mphuno. A Wendell achichotsa, inde.

Lachisanu, 7 Malichi

Nawonso a kampani adzuka. Kalata kwa onse osunga masamba a ziwerengero: pofika Juni aliyense asaine chikalata chawo, alembe ndondomeko ya kasungidwe ka zinsinsi, atchule munthu woyang'anira zimenezo, apo ayi atitsekera manambala. Zaka zonsezi akhala akulozera osewera atsopano kwa ine chifukwa tsamba lawo silitha ngakhale kuwonkhetsa. Lero akusamba m'manja, madzi ake akutayira pakhomo panga.

Woyang'anira zinsinsi. Ndilemba dzina la mphaka.

Loweruka, 8 Malichi

Sauna, bafa ya nthunzi ija, kwa Aili. Ndinamufotokozera zonse, iye n'kumangothira madzi pamiyala yotentha. Mng'ono wanga ameneyu sanagwirepo masewero a pa kompyuta chibadwire, koma maganizo ali nawo pa chilichonse. Ati munthu akapempha katatu kuti umuchotse pa khoma lako, umamuchotsa, zoti chifukwa chiyani si zako. Ndati si khoma, ndi mbiri. Ati mbiri ya tizombo tabodza. Tadya pulla, buledi wake wouma uja.

Lolemba, 10 Malichi

Foni ya m'sitolo, cha m'ma 11. Abwana akuti pali mayi wolankhula Chingerezi cha Chifalansa akufuna Doreen wa makompyuta. Ndinapita kukayankhira kuseri kwa zitini za penti.

Dzina lake Solange, mkazi wa Réjean. Nambala anaipeza chifukwa chaka china ndinadzitama pa bwalo za kumene ndimagwira ntchito. Sanakweze mawu ngakhale kamodzi, ndipo bola akanakweza.

Réjean ankayendetsa foloko yonyamulira katundu pa fakitale ya mapepala. Mu Okutobala mpukutu wa pepala unamugwera, msana unaphwanyika malo awiri. Chiyambire pamenepo sangakhale pampando kupitirira mphindi makumi awiri. Amagona chagada pansi m'chipinda chochezera, laputopu ili pa kathabwa kamene Solange anamukhomera. A inshuwalansi ndi amene akhala akuwadyetsa. Kumayambiriro kwa Febuluwale wa bungwe la ogwira ntchito anamuchenjeza kuti a inshuwalansi amafufuza pa intaneti, achotse chilichonse chimene angachiwerenge mokhota. N'chifukwa chake anandilembera pa 4 Febuluwale. Ndi pa 18.

Lachisanu alandira envelopu yochokera kwa a inshuwalansi. Masamba makumi anayi osindikizidwa kuchokera pa tsamba langa, pakona pali deti la 27 Febuluwale. Achonga pamene palembedwa kuti amasewera maola makumi asanu pa sabata. Akuti munthu wotha kukhala pa kompyuta maola makumi asanu angathe kukhala pa foloko. Akumana nawo Lachisanu likubwerali.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanangonena. Anati: "Mwamuna wanga amakodzera m'botolo, mayi. Malo amodzi okha amene anthu sakumudziwa choncho ndi kwanuko. Mumafuna akulembereni zimenezo kuti mumuchitire chifundo?"

Kenako anati chithunzi cha nsomba chija Réjean anachiona asanachichotse.

Kufufuta tsopano n'kopanda ntchito, ali nazo kale. Chimene anaimbira ndi china. Akuti maola makumi asanuwo ndi abodza, iye amakhala naye m'nyumba, akudziwa. Akufuna adziwe ndimawawerenga bwanji.

Ndinati ndiyang'ana. Kasitomala ankadikira penti yobiriwira, ndamusakanizira yolakwika.

Lachiwiri, 11 Malichi

Palibe choyang'ana. Ndikudziwa mmene ndimawerengera, ndinalemba ndine. Kampani imangotiuza nthawi imene munthu walowa ndi imene watuluka. Ine ndimachotsera, n'kutcha zotsalazo maola osewera. Munthu akasiya masewero otsegula n'kupita kukadya, kukasamba, kugona tulo ta mankhwala, wotchi yanga imangoyenda. Wina wa ku Halifax anandiuza zimenezi mu 2018. Ndinamuyankha kuti ngati akudziwa kwambiri akatsegule tsamba lake. Kukonza kwake ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Koma anthu amakonda manambala onenepa, amajambula n'kumaonetsana, ndipo pamwamba pa tsamba ndinalemba ndekha kuti ziwerengero zolondola kuposa za kampani.

Ndawonkhetsa kutalika kwa masewero ake enieni, amodziamodzi, kuyambira Novembala. Maola asanu ndi anayi pa sabata. Palibe ngakhale amodzi opitirira mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anasiya kalekale kulowa mipikisano yaitali, ine n'kumati waopa. Ndipo pa khumi ndi anayi amene ndinamuthibula aja, asanu ndi awiri ndi a pambuyo pa Okutobala.

A Wendell akuti ndisalembe kanthu ndisanaonane ndi loya. Akuti ndikavomera papepala kuti manambala anga ndi olakwika, a kampani atitsekera asanafike Juni, ndipo ena angatisumire. Ndawafunsa kuti ena ake ati. Ati sakudziwa. Ndinatsala pang'ono kuwatukwana, koma ndakumbukira kuti pa anthu tonse ndi iwo okha amene anachotsa nsomba ija.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindinapite kuntchito. Ndati mutu.

Bokosi la maola ndalichotsa kwa aliyense, anthu onse zikwi zisanu ndi chimodzi. Ndalemba pa bwalo kuti linkanama ndipo ndinkadziwa. Za Walleye sindinatchule. Zimene ndinalemba Lachinayi ndafufuta. Pofika masana mayankho mazana awiri. Mmodzi akuti anangotsala maola khumi kuti akwanitse zikwi khumi, ndamubera moyo wake. Wina akuti ndagulidwa ndi boma. Wa ku Halifax uja akadalipo, wangolemba kuti 2018. Anthu amenewa ndawatumikira zaka zisanu ndi zinayi. Nkhuku zolimbirana madeya.

Kalata yokaonetsa a inshuwalansi ndalemba kanayi. Yoyamba inali yodziteteza yokhayokha. Yachiwiri inkanyoza wofufuza wa inshuwalansi, munthu wolipidwa kuti asindikize tsamba la mayi wa penti n'kulitcha umboni, osafunsa n'komwe mwini wake kuti manambalawa akutanthauza chiyani. Ndinaikonda yachiwiriyo. Siingathandize. Yachinayi ndi tsamba limodzi: dzina langa lonse, Doreen Kivelä, adiresi, mmene wotchi imawerengera, chaka chimene ndinadziwa kuti imalakwitsa, ndi mndandanda wa masewero ake ndi mphindi zake. Aili wandiperekeza kwa wochitira umboni zikalata pa msewu wa Algoma. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoyendetsa galimoto akuimba kamluzu, zomwe ndi zoipa kuposa.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndatumiza kwa Solange ndi kwa wa bungwe uja m'mawa. Kenako ndinaimba kuti nditsimikize kuti yafika.

Anayankha mwamuna. Mawu aang'ono, okhala ngati akuchokera pansi, ndipo akuchokeradi pansi. Zaka zisanu ndi zinayi, masewero mazana awiri ndi ine, sindinamumvepo. Ndinkamuganizira wamawu okhuthala.

"Ndinu a Doreen_K," anatero.

Ndinati ndine. Ndinayamba zopepesa zimene ndinakonza m'galimoto, anandidula. Anati makina awo osindikizira atha inki, ndipo kalatayo pafoni zilembo zake ndi zazing'ono, sangathe kudzutsa mutu kuti aone. Ndimuwerengere.

Ndawerenga nditaimirira m'khitchini, jekete ndisanavule.  Nditafika pa maola asanu ndi anayi ndinamva akupuma, kenako akuitana mkazi wake m'Chifalansa, mapazi akubwera, mpando ukukokedwa.

"Bwererani pamenepo," anatero. "Pang'onopang'ono. Solange akulemba."