Madzi Atachita Mbuu m'Thanki ya Nsomba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo ndi mayi akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti phazi limatupa ndikaima nthawi yaitali, koma si zoti n'kudandaula nazo.

Ntchito ndikadali pomwe paja, kusamalira akulu aja amene anafa ziwalo mbali ya kumanja. Kulankhula kumawavuta, mawu amatuluka amodziamodzi, moti anthu anasiya kuwafunsa kanthu. Tsiku lonse amakhala pampando wamatayala pabalaza, moyang'anizana ndi thanki yagalasi momwe munali tinsomba tisanu ndi tiwiri tofiira. Musaseke, si tandiwo ayi, n'tongoonerera. Tinali ta malemu akazi awo.

Mwezi watha madzi a m'thankimo anachita mbuu ngati wina wathiramo mkaka. Ine mukundidziwa, ndikaona litsiro manja amandiyabwa. Ndinakhuthula madzi onse, ndinatsuka timiyala tapansi, siponji ya m'kamakina kosefa madzi ndinaichapa pampopi mpaka inayera. Patapita masiku awiri madzi anada kuposa kale. Ndinabwereza katatu konse. Ulendo wachitatu ndinapeza kansomba kamodzi kakuyandama chagada.

Mwana wawo wamkazi, amene anandilemba ntchito, atabwera Lamlungu ananena kuti thankiyo yamutopetsa, Loweruka adzabwera ndi anthu odzaichotsa. Sanandikalipire, koma mmene anandiyang'anira ndinadziwa kuti wayamba kundikayikira. Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti akuluwa alandidwa chinthu chokhacho chimene chimawadzutsa m'mawa, chifukwa cha ine.

Atangotuluka, akuluwa anagogoda pampando n'kuloza kabati. Ndinawapatsa madzi akumwa, anakana. Mankhwala, anakana. Amafuna kope ndi pensulo. Ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu, analemba mawu amodzi opindikapindika: usatsuke.

Achimwene, miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuwasambitsa ndi kuwadyetsa bambo amenewa, osadziwa kuti anagwira ntchito zaka makumi atatu kumalo oyeretsera madzi a m'mipope. Masana onsewo tinathera pa kope lija, iwo kulemba, ine kuwerenga mokweza, ndikaphonya iwo kupukusa mutu. Anandifotokozera kuti m'siponji muja mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa za nsomba, ndipo ine ndinkatipha ndi madzi a pampopi, paja amakhala ndi mankhwala. Komanso nsombazo ndinkazidyetsa ngati alendo a paukwati, chotsala n'kumaolera pansi.

Anandiikira malamulo. Masiku awiri nsomba zisadye, kenako kachakudya kongotsina ndi zala ziwiri, kamodzi patsiku. Madzi ndizichotsa ndowa imodzi yokha pa sabata, ndipo obwezeramo aziyamba agona m'ndowa tsiku lathunthu. Siponji ndizingoifinya m'madzi omwe ndachotsa m'thankimo. Kupatula apo, manja kumbuyo. Chovuta chinali chimenechi. Lachitatu ndinayesa kuzemba ndi kansalu, koma ndinangomva go go go pampando.

Loweruka linafika madzi asanayere bwino, ndipo mwana wawo anabweradi ndi amuna awiri onyamula katundu. Akuluwa anadzikankha okha ndi phazi lamanzere mpaka mpando unatsekereza thanki. Anapuma, anayesa kulankhula, mawu anakana. Anayesanso.

“Ayi. Sabata imodzi. Ndikudziwa.”

Mwana wawo anakhala pansi n'kuyamba kulira. Anandiuza pambuyo pake kuti chidwalire bambo akewo anali asanawamve akulamula chonchi, mawu omwe aja ankawaopa ali mwana. Amuna aja anabwerera chimanjamanja.

Lachinayi m'mawa ndinatsegula makatani, ndipo ndinaona timiyala tonse mpaka kuseri kwa thanki, nsomba ngati zikuuluka m'malere. Akuluwa sanadabwe n'komwe. Anapempha kuti ndiwatungire pang'ono m'tambula, anayang'ana powala, ananunkhiza, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene ali pantchito yake. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndawaona. Tsopano mwana wawo akabwera amakhala nawo pafupi, kuwafunsa za mpope umene ukudontha kunyumba kwake.

Pempho langa ndi limodzi. Munandiuza kuti chitseko cha kuchipinda kwa mayi chikukana kutsekeka ndipo mukufuna kuitana mmisiri. Musanamuitane, muwatengere bambo pachitsekopo. Ndikudziwa kuti maso awo anachita khungu, koma anapala matabwa moyo wawo wonse. Muwalole achipapase ndi manja, anene okha pomwe pavuta, inu mungogwira zida. Achedwe bwanji, musawalande.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi asuweni onse. Ana muwauze kuti chithunzi cha nsomba ndiwatumizira, poti tsopano zikuoneka.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
uja mumati Kaphuma