Kapu ya Lusiyano Ndaitenga Ndine

Kasina, 9 Disembala 1996

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, koma movutikira.

Ndiyambe ndi zabwino. Pa 3 Febuluwale ndinabereka mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Agata, dzina lanu. Wayamba kuimirira atagwirira mpando. Bambo ake akadali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, sanamuonebe. Mapichesi anu a kuseri kwa khola abereka mpaka nthambi kuthyoka. Chimanga chamera bwino, koma masamba ayamba kale chikasu, pakuti mtengo wa feteleza watisiya kutali chichokereni inu.

Mphika wanu sindinausiye. Ndimatcheza kachasu Lachisanu lililonse monga munandiphunzitsira: kumata chivundikiro ndi phala la gaga, moto wochepa, ndi kusintha madzi a pa paipi asanafunde. Munkati, "Felesita, kachasu womuthamangitsa amanunkha utsi." Sindinamuthamangitsepo.

Koma malonda si aja munawasiya. Anzathu a ku Mozambiki amene ankatigula anabwerera kwawo, ndipo tsopano kuchokera komweko kukubwera mabotolo a wisiki ndi jini, odzaza m'magolosale pa Boma. Kunamvekanso mphekesera yoti amayi ena akuthira feteleza ndi madzi a batire m'mphika kuti kachasu akalipe. Chiyambire pamenepo palibe amene amagula mwini mowa asanalawe. Kale munkachotsa ufiti kamodzi, gulu lonse n'kumwa. Lero botolo lililonse likufuna wolawa wake.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati. Lusiyano, chitsiriza wanu, ndiye anati, "Achemwali, mwanayu asayambire kachasu m'mimba. Ndizilawa ndine."

Amayi, mukanamuona. Ntchitoyi inamukhala. Amakweza kapu ku dzuwa, n'kununkhiza, kenako n'kuyamba: "Akuluakulu, wisiki wa m'botolo lolembedwa uja amangowotcha pakhosi, n'kuthera pomwepo. Uyu wa mapichesi amayamba wapereka moni pa lilime, n'kutsika mwaulemu ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Musamugugude ayi. M'sungeni kaye m'kamwa, akuuzeni kwawo."

A Gomani, aphunzitsi opuma aja, anaseka tsiku lina mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe Lusiyano, ukanakhala katekisiti, bwenzi tikumva Misa tili panja, tchalitchi chitadzaza." Anthu anayamba kubwera pa njinga kuchokera ku Kabwazi, akuti akufuna wa mnyamata wolalika uja. Mchere, sopo ndi yunifolomu za ana, zonse zachokera pakamwa pa mwana wanuyo.

Tsopano miyendo yake yatupa, nsapato sizikulowa. Maso ali chikasu. M'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa. Pa 22 Novembala ndinapita naye ku chipatala pa Boma. Adokotala anamudina pamimba, n'kunditengera pambali. Anati ndi chiwindi, ndipo akapitiriza kumwa sadzafika nthawi yokolola. M'minibasi pobwerera ndinamuuza zonse. Iye anayang'ana pawindo, n'kuti, "Ndiye kuti chimanga chachikasu chija mudzakolola nokha? Koma ndapulumuka ine!" Anaseka yekha.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikaswa mphika, ana adya chiyani mu Januwale? Ndikatcheza popanda wolawa, kachasu angokhala m'chigubu. Ndinapempha atsibweni kuti akakhale naye kwawo, koma anati nawonso ufa wawathera.

Loweruka lapitali ogula atafika, Lusiyano anatenga kapu monga mwa masiku onse. Ndinamulanda pamaso pa anthu.

"Achemwali, mukundichotsa ntchito popanda notisi?"

"Kagoneni, achimwene. Lero ndilawa ndine."

Ndinayesa kungonyowetsa milomo. Mnyamata wina wa ku Kabwazi anati, "Ayi mayi, mezani, tione pakhosi pakuyenda." Ndinameza. Anabwera wina, ndinamezanso. Zinatero mpaka dzuwa kupendeka. Lusiyano anakhala pakhonde atatambalala miyendo yotupayo, akundiyang'ana. Agata ndinamupatsa phala m'malo mwa bere, ndipo analira mpaka kugona.

Amayi, chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi: ndinamukonda kachasuyo. Lusiyano sanama. Fungo la mapichesi limakwera m'mphuno, kenako kafundidwe kamafalikira m'chifuwa pang'onopang'ono, mphepo ya kuno osaimvanso. Chiikireni maliro anu ndinali ndisanasekepo kuchokera pansi pa mtima, koma tsikulo ndinaseka. Za feteleza ndinaiwala. Ndinadzimva ndikuuza a Gomani kuti, "Uyu ndiye weniweni, gulani awiri." M'mawa mwake ku Misa, anzanga akuimba, ine maganizo anali pa chigubu chimene chinatsala pansi pa bedi.

Inu munalawa zaka zonse zija, koma sindinakuoneni mukudzandira ngakhale tsiku limodzi. Munkatani, Amayi? Munandiphunzitsa moto, gaga ndi madzi, koma ichi chokha munapita nacho.

Ndikukulonjezani kuti ine ndili moyo, Lusiyano sadzagwiranso kapu pakhomo pano. Za ine mwini sindingathe kulonjeza kanthu. Lachisanu ndikutchezanso.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felesita