Makatani Aja Munasoka Ndinu, Amayi

Lero zakwana zaka zinayi chichokereni inu, Amayi, koma mwana wanu wachisamba mkwiyo sunamuthe, ndipo wakana kuti tilembe zokoma zokhazokha.

Ndiye amene anatenga makina anu osokera. Amakhala pampando wanu uja wopendekeka, pafupi ndi zenera la shopu, pomwe munkaseka mapini ali kukamwa mpaka makasitomala kuchita mantha kuti mumeza. Chaka chatha anati amasule madiresi anu kuti azivala. Mbali iliyonse anapezamo misoko itatu, wina mkati mwa unzake. Kani munkawonda tikuona, n'kumabweza nokha zovala kuti zizikukhalanibe! Ife n'kumakuyamikirani kuti mukubwerera kuutsikana. Luso lanu lomwelo ndi limene linatiphimba m'maso, ndipo zimatiwawa.

Chimene chimamupweteka koposa wachisambayo ndi makatani obiriwira a chipinda choyezera amayi khansa ya khomo la chiberekero, kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika. Munasoka ndinu, munakapachikanso nokha mutakwera pampando. Anamwino anakupemphani kuti poti mwafika kale, ingogonani akuoneni. Munaseka, n'kunena kuti mulibe pokupwetekani ndipo madiresi a ukwati akukudikirani, mudzabwera mawa. Mawa lakelo linafika patapita zaka zitatu, tikukunyamulani, adokotala n'kutiuza kuti matenda afalikira kale. Munkatikalipira tikachedwa ngakhale kugula ulusi, koma inu munachedwa pa chinthu chokhacho chimene sichidikira munthu.

Bambo mpaka pano amavala shati yothothoka batani, akuti wina asaigwire. Adzukulu anu amakudziwirani pa chithunzichi basi. Mzime wanu anatengera inu liuma lonse. Naye anayamba nyimbo yomweyo, yoti alibe pomupweteka. Mkulu wake sanakambe zambiri: anatseka shopu makasitomala ali pakhomo, n'kumugwira dzanja ngati mwana mpaka kuseri kwa makatani anu, amene tsopano anasuluka. Anamwino anamupeza nazo zizindikiro zoyambirira, n'kumuthandiza tsiku lomwelo. Masana anali atabwerako, akudandaula za njala. M'mawa umodzi wokha, Amayi. Diresi la mkwatibwi linkakutengerani sabata yathunthu.

Kukuiwalani sitingathe, ngakhale tsiku limodzi. Koma kukhululuka, mutipatseko nthawi.

Ndife amuna anu, ana anu ndi adzukulu.