Envulopu ya Adiresi Yofiira

Aphungu,

Zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo ndinali mtsikana wotayipa makalata m'kaofesi ka mawindo awiri, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Otiyang'anira anali mayi amene tinkawatcha a Bolopeni, poti cholembera chofiira sichinkachoka m'manja mwawo. Tsiku langa lachitatu ndinatayipa "We can't" m'kalata yopita kubanki. Anaiwerenga, kenako anatenga kapulasitala n'kumata pamakina anga otayipira batani la kachizindikiro kodulira mawu. "Mwana wanga," anatero, "pakamwa dula mmene ungathere, koma papepala mawu amavala jekete. Lemba 'We cannot'."

Kapulasitalako kanakhalapo zaka zinayi, mpaka ndinatopa nako. Nditapeza ntchito kwina ndinakamatula, n'kutayipa kalata yosiyira ntchito yodzaza dala ndi "I'm" ndi "I won't". Ndinaisiya patebulo pawo iwo atapita kukadya, osatsanzika. Patapita sabata kunyumba kunafika envulopu ya adiresi yofiira. Ndinati andikonzera zolakwa basi, n'kuiponya m'sutikesi.

Mwezi watha, ndikusamuka, ndinaitsegula. Munali kalata yanga ija, koma sanakonzemo kalikonse. M'munsi anangolemba mawu awiri: "Don't go."

Ndamva kuti akadali moyo, akukhala kwa mwana wawo wamkazi, ndipo maso ayamba kuwavuta. Kalata yopepesa ndaiyamba kasanu. Ndikalemba mawu athunthu ikumveka ngati yochokera kubanki. Ndikadula ndikuopa kuti aziti mwano uja sunathe. Ndilembe motani?

E.N.

A E.N.,

A Bolopeni sananame. M'Chingerezi mawu athunthu ndi a makalata a ntchito, kapena pamene munthu akufuna kutsindika. Odula ndi a anthu ozolowerana. Onsewo ndi olondola. Ndiye taonani amene iwo anasankha polembera inu. Tsiku limenelo jekete anaivula.

Koma kalatayo isiyeni. Munthu wa maso ovuta amachita kumuwerengera, ndiye kupepesa kwanu kukatulukira pakamwa pa wina. Imbirani foni mwana wawo mupemphe tsiku. Envulopu ija muitenge. Mukakhala pansi, mukanene m'chilankhulo cha kwanu: "Amayi, ndinachoka osatsanzika, ndipo mawu anu ndawawerenga chaka chino." Zifukwa zambirimbiri muzisiye pakhomo.

Chenjezo langa ndi ili: mwina sakakukumbukirani msanga, mwinanso akayamba ndi kukudzudzulani. Mukalandire zonsezo, poti munthu amene anadikira yankho zaka zonsezi ali ndi ufulu wodandaula. Ndipo musati mudzapita mwezi wamawa.

Owerenga, yankholi ndinawatumizira a E.N. lisanasindikizidwe, chifukwa ukalamba sudikira nyuzipepala. Dzulo andiuza kuti foni anaimba, ndipo agwirizana Loweruka likubwerali, teni koloko m'mawa. Akuti pafonipo anamva mawu a Bolopeni chapatali akuuza mwana wawo kuti: "Umuuze abwere naini. Ameneyo ndimamudziwa, amachedwa."