Mpando wa Pamthunzi Wandikanika

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuwalola kufika kudimba? Ine kuno ku Chitipa thupi lili bwino, mphepo yokha ndiyo yatiwumitsa milomo. Koma mtima sukukhazikika.

Paja pakoleji pano andikweza kukhala mkulu wa zamasewero. Timu ya mpira ija ndaiphunzitsa kuyambira ndilibe imvi, tsopano ndaisiya m'manja mwa Frackson, mnyamata wa ku Chisenga amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pagolo. Ine andipatsa ofesi, makiyi ndi mpando wa pamthunzi. Mpandowo ndiwo wandikanika.

Mwambo wathu ndi wakuti pa nthawi yopuma anyamata amagwirana mapewa, mmodzi n'kupemphera m'chilankhulo cha kwawo, kaya Chilambya kaya Chindali, kenako wolankhula amakhala kochi yekha. Loweruka lapitali ndinangozindikira ndili pakati pawo. Atangoti ameni, ndinayamba ine. Frackson anavula chipewa n'kuima kumbuyo ngati wophunzira. Zomwe anakonza sabata yonse sanazinene, ndipo tinagonja.

Mawa lake anabwera kunyumba. Mpando anaukana, anakhala pakhonde. Anafunsa za amayi, za mvula ya ku Ntcheu, kenako anati mkulu wake akumuitana ku Tunduma, m'dziko la Tanzania, kukagulitsa zitenje, ndipo akuganiza zopita. Nditafunsa chifukwa, anangoti, "Adada, inu mukakhala pabwalo, ine pakamwa sipatseguka."

Achemwali, mwana uja mpira amauona kuposa ine. Akapita, ndiye kuti ndamuthamangitsa ndine. Ndamulonjeza kuti pamasewero omaliza, Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno ku Kaseye, sindidzaonekako. Koma ndimadzidziwa. Ndikadzangomva anyamata akuimba m'lole, ndidzakwera.

Pempho langa ndi ili: sabata imeneyo mundiimbire foni, mundiitane kumudzi. Munene kuti nyumba ya amayi ikufunika kufolera mvula isanagwe, pajatu si bodza. Mudzalankhule mokalipa, ngati muja munkandizulira pabwalo la sukulu ndili mwana, mbuzi zili m'munda mwa eni. Mawu anu okha ndiwo sindinawakanepo.

Moni kwa amayi, amalume, alamu ndi ana onse. Alamu muwauziretu kuti Loweruka limenelo adzandikweze padenga, foni yanga adzaisunge m'thumba mwawo, ndipo ngakhale ndidandaule bwanji, asadzandipatse mpaka dzuwa litalowa.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lucius