Mpheta za Pawaya Woyanikira Zovala

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Kumazizira ngati kuno? Ife kuphiri la Zomba kuno Juni wabwera ndi ukali. Chifunga chimatsika m'mapaini mpaka pakhomo, ndipo m'mawa udzu umayera ngati wina wawazapo ufa. Mkamwini wanu akuti chiyambireni ntchito ya zankhalango sanaonepo chisanu chotere.

Kwathu ku Malosa ali bwino. Chimanga chimene munabzala musanagonekedwe m'chipatala achimwene anakolola. Sichinachite bwino kwenikweni, koma nandolo akulonjeza. Ababa mwendo uja ukuwavutabe, ndipo ndodo akuikana, akuti ndi ya nkhalamba. Mbuzi yanu yakuda inaswa ana awiri.

Ine ndimangokhala. Kusukulu anandipatsa tchuthi. Mkamwini wanu akapita kuntchito ndimakhala pakhomo la khitchini, nditafunda bulangeti, n'kumayang'ana mbalame. Sindinachite kusankha. Zinangopezeka patsogolo pa maso anga, ine n'kusowa chifukwa chotembenukira kwina.

Oyamba kufika ndi apumbwa, mumtengo wa mapichesi. Akazizidwa amafufumitsa nthenga mpaka khosi osaoneka, ndipo phokoso lawo lija amayamba dzuwa likatuluka. Tsiku lina madzi a m'beseni anaundana pamwamba ngati galasi. Pumbwa anajompha, anayang'ana, anajomphanso, kenako anangoimapo. Mpheta zimabwera gulu, n'kundanda pawaya woyanikira zovala, zitapanikizana. Yakumapeto ikazizidwa imadumpha pamisana ya zinzake n'kudzilowetsa pakati, ina n'kutsala kumapeto. Zimatero m'mawa wonse. Ndimaziwazira madeya. Khwangwala yekha chisanu alibe nacho ntchito, anandibera sopo ndikuona.

Amayi, ndazungulira mokwanira. Mwana uja anabadwa mu Meyi, wamkazi. Paja ndinkaopa kuti thupi langali ndi laling'ono, inu muli gone pabedi la chipatala munandigwira pamimba n'kuseka, amvekere, "Timba sachepa ndi mazira ake." Munanena zoona, ndinabereka bwinobwino. Koma mwanayo sanakhalitse. Analira pang'ono, anayamwa pang'ono, kutacha anali atapita. Dzina tinali tisanamupatse. Azakhali ndi amayi a kumpingo anakamuika okha monga mwa mwambo, n'kundilangiza kuti maliro a khanda salira mokweza. Ndinamvera. Koma chiyambire pamenepo sindinalire ngakhale motsitsa. Pamaliro anu ndinalira mpaka mawu kutha. Apa ayi. M'kati mwangamu muli ngati mkono umene munthu waugonera.

Mkamwini wanu akuyesetsa. Akaweruka amafunsa kuti, "Mwadya?" Ndimati eya. Amangoyang'ana mbale zouma pathandala. Tizovala tonse anatipinda yekha n'kutiika m'sutikesi pamwamba pa kabati.

Dzana ndinapeza mpheta imodzi ili gada pansi pa waya, timiyendo titapindika. Ndinaitola kuti ndikaitaye mphaka asanaione, koma m'dzanja ndinamva kamtima kakugunda patalipatali. Ndinaiika m'bulauzi, pachifuwa, n'kukhalanso pampando. Patapita nthawi inayamba kundikanda ndi tizikhadabo. Pamenepo mkaka umene ndinkayesa kuti unauma unatuluka, bulauzi yonse kunyowa. Ndinangouyang'ana. Dzuwa litafika pakhonde ndinaitulutsa. Inakhala pachala changa, inandinyera m'dzanja, n'kuulukira mumtengo wa mapichesi. Sindikunamizani kuti ndinakondwa. Koma ndinamva njala. Ndinaphika mbatata, n'kudya chiimire mumphika momwemo.

Pali nkhani ina imene ndaisiyira kumapeto. Mng'ono wanga Lusiya naye wabereka ku Chinamwali, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Sindinapiteko. Akaimba foni ndimaisiya ilire mpaka itope. Dzulo anatumiza uthenga: "Achemwali, sindikukakamizani. Kungoti palibe wondionetsa kasambitsidwe kake, ndimaopa kumugwetsa." Ndawerenga mawu amenewa kambirimbiri. Mukanakhalapo inu, bwenzi mutafika kalekale ndi chitenje m'chiuno, mukumukalipira kuti madzi atentha kwambiri. Tsono wamkulu watsala ndine.

Loweruka nditsika phiri, ndikulonjeza. Kaya manjawa akavomera, sindikudziwa. Koma ndikayesa madzi ndi chigongono monga munkachitira, ndipo ndikamusambitsa kuyambira kumutu.

Wangayo ngati wafika kwa inu, mumufunditse, Amayi. Anachoka ndi kansalu kamodzi kokha. Mumupatsenso dzina, ife tinachedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Aginesi